Musathamangire mankhwala, yambani mwatseka njira

Nkhani yathu sabata ino ikupita kwa inu amene mwangolowa kumene m'banja, komanso inu makolo amene muli ndi ana okwawa m'nyumba. Tikambe za alendo osaitanidwa aja, amene amadya nafe mbale imodzi koma pogula ndiwo saonekako: anankafumbwe, mphemvu, makoswe, ntchentche ndi njenjete za mu ufa.

Ambirife mphemvu ikangothamanga pa tebulo alendo akuona, manyazi amatigwira ndipo m'mawa mwake timalawirira ku msika kukagula mankhwala. Timapopera nyumba yonse mpaka ana kuyamba kutsokomola. Pakatha sabata ziwiri mphemvu zija zabwerera, ulendo uno zabwera ndi adzukulu omwe. Ndiye timayamba kudandaula kuti mankhwala a masiku ano ndi achinyengo, enanso mpaka kuloza chala anansi kuti akutitumizira. Ayi ndithu. Vuto ndi loti ntchitoyi timayiyambira kumapeto.

Mmene amachitira osunga chakudya chambiri

Taganizirani malo amene mumakhala chakudya chochuluka, monga mafakitale a ufa ndi mabisiketi, mabekale akuluakulu, mahotela ndi nyumba zosungiramo chimanga. Kumeneko sangamangopopera mankhwala tsiku ndi tsiku, chifukwa akagwera m'chakudya katundu yense amatayidwa ndipo ogula amathawa. Malo oyendetsedwa bwino amatsata njira imene pa Chingerezi amaitcha Integrated Pest Management, mwachidule IPM. Tanthauzo lake ndi kuphatikiza njira zingapo polimbana ndi tizilombo, mankhwala n'kukhala chida chomaliza.

Nzeruyi idayambira kumunda. M'chaka cha 1959, akatswiri anayi a ku University of California ku America, Vernon Stern, Ray Smith, Robert van den Bosch ndi Kenneth Hagen, adalemba zoti kupopera mankhwala mwachisawawa kumapha ndi tizilombo tabwino tomwe, timene timadya towononga mbewu, pamene towonongato timafika powazolowera mankhwalawo. Mu 1962 mayi Rachel Carson adatulutsa buku lotchedwa Silent Spring, lomwe lidatsegula dziko maso pa kuopsa kwa mankhwala monga DDT. Kuchoka kumunda, nzeruyi idafika m'nyumba zosungira mbewu, m'mafakitale, m'sukulu ndi m'makhitchini.

Mutu wake ndi wosavuta. Kachilombo kalikonse kamafuna zinthu zinayi: polowera, chakudya, madzi ndi pobisala. Mukakamana zimenezi kamasamuka kokha. Mukakasiyira zonsezi n'kumangopopera, muli ngati munthu wokolopa m'nyumba mpopi uli chitsegulire.

Mudziweni mdani wanu

Nankafumbwe wamkazi amaboola njere ya chimanga, kuikira dzira mkati n'kumatapo. Mphutsi imaswa momwemo, imadya njereyo kuchokera mkati, ndipo kukamatentha imatuluka ili nankafumbwe wathunthu pakatha mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira mazana angapo. Choncho chimanga chingathe kuoneka chokongola kunja pamene mkati chatha. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dziwaninso kuti nthawi zambiri nankafumbwe amalowa chimanga chikadali kumunda, ndiye timabwera naye tokha pa ngolo.

Palinso nankafumbwe wamkulu, amene kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Adaoneka koyamba mu Africa m'dera la Tabora ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno ku Malawi adalowera kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anzathu a ku Tanzania adamupatsa dzina loti Scania. Ameneyu amakonda chimanga chosatonola ndi makaka a chinangwa, ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe n'kubisalamo kudikira zokolola zatsopano. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kutonola chimanga chisanasungidwe.

Mphemvu yaing'ono yofiirira ya m'khitchini imanyamula kathumba ka mazira 30 mpaka 40 kumbuyo kwake. Kathumbako n'kolimba, mankhwala opopera salowamo bwino, ndiye mukapha akuluakulu ana amaswa pambuyo pake. Mphemvu zimayenda usiku. Mukaziona masana, dziwani kuti zachuluka mpaka zina zasowa pobisala. Kuwonjezera pa kudetsa chakudya, ndowe ndi zikungu zake zimautsa mphumu, makamaka mwa ana.

Ntchentche imatenga masiku 7 mpaka 10 kuchoka pa dzira kufika pouluka nyengo yotentha. Imaswana m'zinyalala zonyowa ndi m'chimbudzi chosavundikira. Ikatera pa nsima imalavulirapo kaye kuti isungunule chakudyacho, ndipo miyendo yake imakhala itaponda kale zija mukuzidziwa. Matenda ambiri otsegula m'mimba mwa ana amayenda njira imeneyi.

Khoswe mano ake akutsogolo sasiya kukula, choncho amangokhalira kutafuna: matumba, zitseko, ngakhale mawaya a magetsi. Chimene amadya n'chochepa poyerekeza ndi chimene amaononga ndi mkodzo, ndowe ndi ubweya wake.

Chitetezo chimayambira pakhomo

Ku fakitale yabwino, lole ikabwera ndi katundu salowetsa asanayang'ane. Nanunso teroni. Thumba la chimanga lochokera kwa apongozi kumudzi ndi mphatso yabwino, thokozani ndi manja awiri, koma musalowetse m'nyumba musanalitsegule. Pisani dzanja mpaka pakati. Mukamva kutentha, mukaona fumbi la ufa, timabowo pa njere kapena ulusi ngati wa kangaude, liyanikeni ndi kupeta kaye, ndipo likhale loyamba kupita ku chigayo. Makatoni ochokera ku golosale, firiji kapena kabati yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, zonsezi zimabwera ndi mazira a mphemvu. Zikutumuleni ndi kuzitsuka panja.

Chachiwiri ndi kuuma. Chimanga chosunga chisapitirire chinyezi cha 13 pa 100 iliyonse. Mulibe makina oyezera? Tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo mchere wouma pang'ono ndi chimanga chodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani ndipo dikirani kanthawi. Mcherewo ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chibwezereni pa dzuwa, pa mkeka kapena pa lona, osati pa dothi.

Kuuma kumeneku si nkhani ya anankafumbwe okha. Chinyezi ndi mabowo a tizilombo zimatsegulira njira chuku, ndipo chuku china cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu satha ndi kuphika. Amaononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akatswiri amamutchula pa zinthu zokhudzana ndi kupinimbira kwa ana. M'chaka cha 2004 kum'mawa kwa dziko la Kenya anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga chotere. Amayi, mtedza wa phala la mwana muzisankha umodziumodzi. Wofota, wowawa ndi wachuku tayani. Musaupatse nkhuku kapena ng'ombe, ndipo chimanga chowola musaphikire thobwa kapena mowa.

Amaneni chakudya, madzi ndi pogona

Apa ndi pamene pagona nkhondo yonse, ndipo sipafuna ndalama. Mbale zisagone zosatsuka. Mphika wa nsima mukauviika, usagone m'khitchini wosavundikira, chifukwa kwa mphemvu imeneyo ndi hotela ya chakudya ndi chakumwa chomwe. Sesani pansi pa mbaula, kuseri kwa kabati ndi pamene ana amadyera. Mpopi wodontha ukonzedwe, pakuti mphemvu imapirira njala nthawi yaitali koma ludzu limaipha msanga.

Ufa, mpunga, shuga ndi nyemba zikhale m'ndowa kapena m'mabotolo otseka bwino. Musathire ufa watsopano pamwamba pa wakale. Malizani wakalewo, tsukani ndowa, iume, kenako thiranimo watsopano. Osunga katundu ali ndi lamulo loti choyamba kulowa chikhale choyamba kutuluka, ndipo lamuloli ligwire ntchito m'nyumba mwanunso. Chimodzimodzi musanalowetse zokolola zatsopano: tulutsani zonse zakale, sesani, otchani zinyalalazo, ndipo matumba akale muwaviike m'madzi owira n'kuwayanika.

Matumba asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Ayikeni pa thandala la matabwa kapena mitengo, ndipo siyani mpata woti munthu adutse ndi tsache. Madeya a nkhuku asakhale chipinda chimodzi ndi ufa wanu. Zinyalala za m'khitchini zituluke tsiku lililonse, dzala likhale patali ndi nyumba ndipo muzikwirira ndi dothi kapena phulusa. Chimbudzi chikhale ndi chovundikira pabowo. Lambulani udzu kuzungulira nyumba, ndipo milu ya nkhuni, njerwa ndi matayala akale isagundane ndi khoma.

Tsekani njira

Abambo, gawo ili likuyang'ana inu. Kambewa ka m'nyumba kamadutsa pa mpata wa mamilimita 6, pamene pangalowe pensulo. Khoswe amakwana pabowo lolowa chala chachikulu. Zungulirani nyumba yanu ndi tochi: pansi pa chitseko, polowera mapaipi, pakati pa khoma ndi denga. Matani mabowo ndi simenti, khomani lata m'munsi mwa chitseko chodyeka, ikani sefa wa waya pa mawindo a kukhitchini. Nsanza ndi mapepala musatsekere, khoswe amakapangira chisa. Ming'alu ya m'makoma ndi m'makabati ndi nyumba za mphemvu, nayonso imatidwe. Dulani nthambi zogunda denga. Amene muli ndi nkhokwe yapanja, ikwezeni ndipo miyendo yake muiveke malata opindidwa ngati chipewa kuti khoswe asakwere.

Kupha tizilombo popanda poizoni

Nankafumbwe naye amapuma. Mukamutsekera m'malo osalowa mpweya, amamaliza yekha mpweya umene ulimo n'kufa, pamodzi ndi mphutsi zake. Imeneyi ndiyo nzeru ya matumba a PICS, amene adapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University motsogozedwa ndi Larry Murdock. Adayambira pa khobwe ku Cameroon, ndipo kuyambira 2007 adafalitsidwa kumadzulo kwa Africa asanafike kuno. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha. Chimanga chikhale chouma ndi chopeta bwino, musamalitsegule pafupipafupi, ndipo mulisamale kwa makoswe ndi zobaya, chifukwa likabooka mphamvu yake yatha. Zigubu ndi migolo yotseka bwino zimagwiranso ntchito yomweyo zikadzazidwa mpaka pakamwa, bola zisakhale zomwe mudali mafuta a galimoto kapena mankhwala.

Dzuwa nalonso ndi mankhwala. Nyemba kapena khobwe wogwidwa, muyanikeni mopyapyala pa pulasitiki wakuda, phimbani ndi pulasitiki woonekera mkati, pindirani m'mphepete ndipo musiye maola awiri kapena atatu dzuwa lili paliwombo. Kutentha kukapitirira madigiri 55, tizilombo ndi mazira ake timafa. Koma njirayi ndi ya zodya, mbewu yodzala muisamale nayo. Amene muli ndi firiji youmitsa, ufa kapena mpunga wokayikitsa muuikemo sabata imodzi. Agogo athu ankasakaniza mbewu ya nyemba ndi phulusa losefa mumtsuko n'kumata pakamwa. Imeneyo idali sayansi ndithu, musaiseke.

Pa makoswe, msampha ndi wabwino kuposa poizoni chifukwa mumaona chimene mwapha. Khoswe amayenda motsatira khoma ndipo amakayikira chinthu chachilendo. Ikani misampha ingapo m'mbali mwa khoma, muikepo chiponde kapena usipa koma musatchere masiku awiri kapena atatu. Akazolowera, tcherani yonse usiku umodzi. Wakufayo musamugwire ndi manja, mukwirireni mozama. Mphaka amathandiza, ndipo kadzidzi amene timamugenda uja, ntchito yake usiku wonse ndi kudya makoswe ndi mbewa.

Yenderani sabata iliyonse

M'mafakitale amaika timisampha tomata m'makona, ndipo amalemba m'buku zimene apeza ndi malo ake. Cholinga n'choti vuto lidziwike lisanakule. Inu sankhani tsiku limodzi pa sabata. Yatsani tochi kukhitchini usiku anthu atagona. Gwirani matumba, nunkhizani, mvetserani ngati mkati mukumveka kutekesa. Wazani ufa pang'ono m'mbali mwa khoma madzulo, m'mawa mapazi a khoswe akuuzani kumene akulowera. Mphemvu imodzi siifuna kupopera nyumba yonse, imafuna kufufuza kumene yachokera.

Mankhwala, pomaliza penipeni

Sitikunena kuti mankhwala alibe ntchito. Pamene njira zonsezi zaperewera, agwiritseni ntchito, koma mwanzeru. M'dziko muno muli bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000. Ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Gulani kwa wogulitsa wachiphaso, mankhwala ali m'paketi yake yolembedwa dzina, mlingo ndi tsiku lothera mphamvu. Za m'timapepala topanda dzina, zoyalidwa pa msika pafupi ndi tomato, zisiyeni ngakhale zitchipe bwanji.

Mankhwala aliwonse ali ndi ntchito yake. A fodya, a thonje, a ng'ombe kapena a m'dimba asayandikire chakudya. Mbewu yogula yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira ndi yodzala basi, osati ya ku chigayo. Pa chimanga chosunga pali mankhwala a ufa olembetsedwa, monga Actellic. Tsatani mlingo wolembedwa ndi nthawi yodikira musanadye. Mukachepetsa pofuna kusunga ndalama, mumapha tofooka tokha ndipo totsalato timabereka ana osamva mankhwala. Mukachulukitsa, mukudyetsa ana anu poizoni. Tizilomboti timasintha ndithu: ku America akatswiri adalengeza mu 1993 kuti apeza mphemvu zimene zidayamba kukana shuga wa mu nyambo ya poizoni.

Chenjerani kwambiri ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mapilitsi aja oika m'matumba a chimanga. Akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umadutsa m'ming'alu kulowa zipinda zina ndipo umapha anthu ali mtulo. Alibe mankhwala othetsa mphamvu yake m'thupi. Imeneyi ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosagona anthu. Poti masiku ano ambiri tikusunga chimanga kuchipinda poopa akuba, mapilitsi amenewa asalowe m'nyumba mwanu. Chachiwiri ndi tameki. Timibulu take takuda timapha mofulumira, ndipo nyambo yake timaiika pa nsima kapena usipa, pansi, pamene mwana wokwawa amafika. Khoswe wofa nayo akadyedwa ndi mphaka, galu kapena nkhuku, nazonso zimapita.

Popopera, tulutsani kapena vundikirani chakudya, madzi ndi ziwiya. Ana ndi amayi oyembekezera akhale panja mpaka mphepo itadutsa m'nyumba. Mankhwala asungidwe pamwamba, potsekedwa ndi loko, ndipo musawathire m'botolo la zakumwa. Chigubu cha mankhwala chikatha chibooleni, chisasanduke chotungira madzi kapena chosungira mchere.

Ngozi ikachitika

Mwana akayamba kutuluka dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kapena kubanika mwadzidzidzi, ganizirani za poizoni. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mazira kapena mafuta ophikira. Muvuleni zovala zimene zakhudzidwa, musambitseni ndi sopo ngati mankhwala agwera pakhungu, mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga paketi ya mankhwalawo. Poizoni wina wa makoswe saonetsa zizindikiro tsiku lomwelo, amadzayambitsa kutaya magazi pakapita masiku. Choncho ngakhale mwana akuoneka bwino, pitani naye basi. Musabise poopa kukalipiridwa.

Kwa inu a geni ya zakudya

Mabanja ambiri achinyamata akudalira okala, mandasi, chips, lesitilanti kapena chigayo. Zonse takambazi kwa inu ndi mpamba. Kasitomala akapeza mphemvu mu mpunga sakuuzani, amangosiya kubwera n'kuuza anzake khumi. Sesani gaga wa m'makona a chigayo tsiku lililonse, tsegulani ndi kuyeretsa mkati mwa makina, vundikirani zakudya ndi sefa, ndipo katundu wakale akhale kutsogolo pa shelefu. Usipa ndi utaka zitetezeni ndi dzuwa ndi ukhondo, osati ndi mankhwala opopera. Zakudya zopakira zili ndi miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lakhalapo kuyambira 1972, ndipo malo odyera amayenderedwa ndi a zaumoyo a ku khonsolo. Musadikire kuti iwo ndiwo adzakuonetseni ndowe za khoswe.

Ntchito ya banja lonse

M'manyumba ambiri mphemvu ikaoneka mlandu umagwera mayi kuti ndi auve, pamene bowo la pansi pa chitseko bambo akhala akulidumpha chaka chonse. Musalole kachilombo kukuyambanitsani. Gawanani ntchito: wina mbale ndi ndowa za ufa, wina mabowo, mipopi ndi dzala, ana aphunzire kudyera pamalo amodzi ndi kuvundikira chakudya. Ndipo ngati mumakhala nyumba za mdadada, kambiranani ndi anansi ndi eni nyumba kuti muchitire limodzi tsiku limodzi, chifukwa khoswe sadziwa malire a lendi. Mutu umodzi susenza denga.

Yambani lero lomwe, mukachoka ku mapemphero. Tengani tochi ndi tsache, sunthani matumba aja, yang'anani kuseri kwa kabati. Chimene mupezeko chikuuzani poyambira. Tikumanenso sabata ya mawa.